Bambo Anadzala Udzu

Pa chisumbu cha Samar, anzawo akudzala ngole,
bambo anga, a Tiburcio, ankakwirira zidutswa za nsungwi
m'mphepete mwa mtsinje, chogoneka,
mfundo ziwiri m'dothi, diso kuyang'ana kumwamba.
Opita kumsika ankaima pa mlatho n'kumaseka:
"Mkuluyu wadzala udzu. Adzakolola chiyani, mluzu?"

Ine ndinkasenza ndowa, manyazi ali pakhosi.
Chaka choyamba, zii.
Chachiwiri, timitengo towonda ngati zala za wodwala.
Ndinafunsa ngati zafa.
Anati, "Felisa, zikuyenda pansi. Zisiye."

Chaka chachisanu mphukira zinaboola dothi,
madzulo zondilekeza m'bondo,
kukacha zondipitirira m'chiuno.
Bambo anaziona mvula imodzi yokha.
Tinawaika kuseri kwa tchalitchi.

Namondwe anafika Lachinayi usiku.
Ngole zinathyoka pakati, malata anapita kunyanja,
phiri linakhutula matope pa minda ya anthu.
Nsungwi zinagwada mpaka kunyambita thope,
zikulira ngati zitseko chikwi zopanda mafuta,
koma mizu inafumbata gombe osataya.
Kutacha zinadzuka, zometeka, zili chilili.

Tinatsala anthu khumi ndi anayi
ndi chikwanje chimodzi.
Zitsime zinali mchere wokhawokha,
mtsinje ukununkha njati zakufa.
Mlongo wanga Nilo ali gone pa chitseko,
mwendo utapindika pomwe palibe bondo.

Ndinagwedeza nsungwi imodziimodzi,
khutu pa tsinde, monga ankachitira bambo.
Yachisanu ndi chiwiri inayankha: khuvu, khuvu.
Ndinatema. Madzi oyera, ozizira,
onunkhira msipu.
Woyamba kumwa anali mwana wa Consuelo,
ife tikumeza malovu, tikuwerenga mfundo zotsala.

Ina ndinaing'alula panayi,
tinakoka mwendo, Nilo analuma lamba,
tinamanga ndi nsanza za diresi langa la Lamlungu.

Machesi anali phala.
A Eusebio, omwe aja ankaseka kwambiri pa mlatho,
anasolola nsungwi youma m'denga la tchalitchi,
anaipala, nayamba kucheka ina pa inzake,
kucheka, kucheka, thukuta likudontha pa chibwano,
manja atatuluka matuza,
mpaka kautsi kanadzuka ngati kakuchita manyazi.
Palibe anaomba m'manja. Tonse tinkauzira.

Mpunga wonyowa tinauthira m'mphako ya nsungwi yaiwisi,
kutseka ndi tsamba, kutsamiritsa pa makala.
Mphukira tinaziwiritsa kawiri, kutaya madzi owawa.
Tinadyera m'zibanthu zake,
kugona pansi pa denga lake,
kutchera mvula m'ngalande zake.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mwendo unatupa,
Nilo anayamba kuitana anthu akufa.
Msewu kunalibe, mlatho uja kunalibe.
Tinadula makumi awiri zokhwima,
ndipo ngakhale manja ankanjenjemera
ndinatema pamwamba penipeni pa mfundo,
kuti chitsa chisasunge madzi n'kuola.
Bambo ankakalipa pa chimenechi chokha.
Tinazimanga ndi luzi lake lomwe,
tinam'goneka pakati,
mtsinje unatitenga mpaka kwa madokotala.

Nilo amatsimphina, koma mwendo ndi wake.
Pa zitsa zija pamera zina, zonenepa kuposa zoyamba,
ndipo mphepo ikadutsa zimaimbadi mluzu.

Dzulo a Eusebio anabwera ndi thumba lopanda kanthu.
Za pa mlatho sanazitchule, nanenso sindinatero.
Ndinawadulira zidutswa zisanu ndi zitatu.
Anazitembenuza m'manja, zipsera zikuonekabe,
nafunsa motsitsa mawu, maso ali pansi,
"Paja diso liyang'ane kuti?"

Ndinati, "Kumwamba.
Ndipo zaka ziwiri zoyamba muziona ngati zafa."