Mwini Kiyi Amabwera Lolemba

Ine ndine wosintha ndalama mu bala ya a Ngozo pa Lizulu.
Amandipatsa mapepala onunkha kachewere ndi feteleza,
ine n'kuwapatsa timakobidi,
timakobidito n'kupita pakona paja
pomwe makina amaphethira usiku wonse osatopa.
Ndiye mkangano wawo ndimaumva wonse.

Fakisoni Chidzanja akuti ndi luso.
Analanda kope la mwana wake la masamu,
kumapeto kwake anajambula mizere:
chivwende chatuluka kangati, belu kangati,
nyenyezi imadza pambuyo pa lalanje lachitatu.
Akuti makina amapuma ngati ng'ombe ya pangolo,
umayenera kuwamvera mpweya,
chala chisathamange, chisazengereze.
Adawinapo mu Juni, adagulira aliyense chibuku.
Mpaka lero akulipirabe Juni ameneyo.

Ledisoni wa kabaza amangoseka.
Luso lanji pa chitsulo chopanda makutu?
Mwayi uli ngati lole ya matola, akutero,
ikakupeza pamsewu yakupeza basi.
Komatu iyeyo salowa ndi phazi lamanja,
kobidi amayamba waiuzira mpweya,
ndipo wina akayetsemula amasiya kaye.
Munthu wa mwayi, malamulo ake
ochuluka kuposa a mwini kope.

Tsiku lina la msika chiperoni chinatsika mawawa.
Mayi wina wa kabichi wochokera tsidya la Mozambiki
analowa kudzausa, dengu lili m'manja.
Chenji chake chinatsala kobidi imodzi.
Anafunsa, kodi ichi ndi chailesi?
Anyamata anamuonetsa pobowoka paja.
Batani analidina ndi chigongono.

Makina anasanza.
Anasanza ngati mwana wodya mango osapsa,
makobidi mbwee mpaka pansi pa mabenchi.

Fakisoni anaimirira, milomo ikunjenjemera.
Ndi zangatu izo, ndazidyetsa kuyambira m'mawa,
taonani m'kopemu, inatsala imodzi yokha!
Mwaona, masamu sanama.
Ledisoni anamenya tebulo:
Mwaona, chigongono! Mwayi ulibe sukulu.
Aliyense anapita kwawo atapambana mkangano,
m'thumba muli mphepo.

Mayi uja anamanga makobidi pansonga ya chitenje,
anawoloka msewu, n'kulowa dziko lina.
Sanabwerenso. Nthawi zina ndimamuona patali
akuwaza madzi pa kabichi wake.

Koma pali munthu mmodzi amene awiriwa samuona
chifukwa nthawi imeneyo amakhala akugona matsire.
Lolemba m'mamawa, ndikukolopa,
pamaima njinga yamoto yochokera ku Dedza boma.
Mnyamata wa jekete yakuda, kiyi ali m'khosi.
Amatsekula mimba ya makina,
amakhuthulira m'thumba la feteleza.
Sawerenga n'komwe, amangopachika pasikelo
ngati mmene timagulitsira nyemba.
Gawo la a Ngozo pambali, lotsala pa njinga.
Mmenemo muli matumba asanu a kachewere a Fakisoni,
muli tcheni chatsopano cha njinga ya Ledisoni,
muli yunifolomu ya mwini kope uja.

Ndinamufunsa tsiku lina,
achimwene, inu amene mumaona m'kati,
ndi luso kapena ndi mwayi?
Anapukuta galasi la makina ndi mkono wa jekete.
Anati, ine sindinaseweko, mlongo,
ine ndimangobwera Lolemba.

Ndikanakonda ndikanathera pomwepa
ngati munthu wochenjera.
Koma dzulo usiku nditatseka chitseko
tsache linakoka kobidi pansi pa furiji.
Ndinaigwira nthawi yaitali, yozizira ngati madzi a m'Julaye.
Ikanagula machesi.
Panalibe wondiona.
Ndinaiuzira mpweya, ndinawerenga mpaka katatu,
ndipo pokumbuka mayi uja
ndinadina ndi chigongono.

Lalanje.
Lalanje.
Belu.

Ndinazimitsa magetsi,
makina anapitiriza kuphethira mumdima.