Pafupafu

Mwandida wati dzina lake ndi pafupafu.
Ndamufunsa kachiwiri, foni ikudukiza,
poti ine ndamva ngati wati pafupipafupi,
chonsecho iye ali ku Ibadan,
ine pa Makwasa, kuseri kwa fakitale ya tiyi.

"Bambo, lembani: fulawa makapu atatu,
shuga, yisiti, kamchere,
madzi ofunda ngati osambitsira khanda.
Musakande ngati mandasi.
Mtandawo ukhale wofewa, womata m'zala."

Za natimegi, pagolosale pa Mulewa
andiyang'ana ngati ndapempha mankhwala a ng'ombe.
Ndabwerera, ndapala khungu la ndimu ya pakhomo.
Asamve apongozi ake.

Chiperoni chatsika kuyambira Lachiwiri,
minda ya tiyi yamira yonse,
ndipo mtanda wanga wakana kufufuma.
Ndaufunditsa jekete la ku ulonda,
ndauika pambali pa mbaula ngati wodwala malungo,
ndakhala pampando kuulondera.
Ola lathunthu. Kenaka theka.
Nditavundukula, wandipatsa moni ndi fungo la mowa wamasese,
uli tokotoko, ukupuma.

Akuti kumeneko amatapa ndi dzanja,
kufinya m'chibakera,
kampira nkutuluka pamwamba, nkugwera m'mafuta.
Langa loyamba latuluka ndi mchira, mbululu yeniyeni.
Lachiwiri mbatata.
Lachitatu lapsa kunja, m'kati muli phala,
mafuta andilumphira pamkono, ndatukwana ndekha m'khitchini.
Ndaphula makala awiri, moto wadekha.

Lachisanu ndi chiwiri
lamira, labwerera pamwamba,
latembenuka lokha osalikhudza,
lofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono.
Ndaima chilili, chipande m'manja.

Mwana wa a Nampinga wasuzumira pakhomo,
fungo lamukoka kuchokera kumjigo.
Waluma, wapemerera, watafuna.
"Awa ndi mandasi basi, koma aulesi."
Watenga ena atatu, wathawa.

Mwina akunena zoona.
Koma uko kuli mdzukulu wanga
amene sindinamunyamulepo,
wodziwa nkhope yanga pagalasi la foni lokha,
ndipo Loweruka lililonse
zala zake zimanona ndi mafuta omwewa.

Ndajambula mbale yonse, ndi mbululu yomwe,
ndakwera pachulu pomwe netiweki imapezeka,
ndatumiza.
Timizere tiwiri sitinasandukebe buluu.
Ndikudikira m'nkhungu,
limodzi lili m'thumba la jekete,
likadali lotentha.