Mzere wa Pakhoma

Impso imene ikundisungayi si yanga.
Ndi ya Chanazi, mlongo wanga wogulitsa masawu ku Ngabu,
amene anadinda chala papepala la madokotala
nati: Tengani achimwene, ziwiri zimandilemera.
Anaisokera mmunsi mwa mchombo, chakumanja,
kudziko lakutali komwe sitinamve ndi moni yemwe.

Chiyambire tsikulo ndimameza mapiritsi,
sikisi koloko m'mawa, sikisi koloko madzulo,
ogonetsa asilikali a m'thupi.
Ndinalondera nzimbe ku Nchalo zaka khumi ndi zinayi,
mlandu wa mlonda wogona ndimaudziwa.
Koma awa akadzuka, akuti,
adzagwira mlendo pakhosi pomuyesa mbala.
Ndiye ndimawagoneka ndekha,
ndi kapu ya madzi owiritsa.

Korona anabwera ndi mvula ya Januwale,
anapeza chipata chili pululu.
Masiku khumi ndi asanu ndi anayi m'chipatala cha Chikwawa,
botolo la mpweya likubwata kumutu kwanga,
bedi loyandikana nalo analiyalula kawiri
ndipo sindinafunse.
Mapapo sindinawapempherere.
Ndinkangogwira pachipsera: iwe,
usafere m'nyumba mwanga,
mwini wako ndikamuuza chiyani?

Ndinatuluka, miyendo ngati bango.

Itatha miyezi itatu tinakwera zitunda za Thabwa,
makutu kutseka, minibasi ikulira ngati mbuzi yomangidwa,
kukapereka magazi ku Blantyre.
Dokotala wachinyamata, Alufazema,
lilime lake la ku Tengani losabisika,
anati: Tikufuna tione ngati magazi anu
akumukumbukira mdani uja.

Ndinamva msanga.
Kwathu ku Bangula makoma ali ndi mzere
pomwe madzi osefukira analekeza.
Khoma siliiwala.
Mwana akafunsa kuti Shire amafika pati
umangomuloza.

Mkazi wanga anadwala nthenda yomweyo,
anangotsokomola masiku anayi uku akupalira mapira,
koma mzere wake unafika pawindo.
Wanga unali m'kakolo.
Ulipo, anatero dokotala, koma ndi wofooka.
Pa miyezi isanu ndi umodzi tinapitanso,
tinapeza wayamba kufufutika
ngati matope a pakhoma dzuwa la Okutobala likakwiya.

Alonda anu anamuona wakubayo ali m'tulo,
nkhope sakuigwira bwino.
Bayitsani katemera, mubwerezenso, mwina kachitatu,
tizigogoda mpaka wina atsegule diso.

Ndinafunsa mopusa:
Bwanji ndisiye mapiritsi sabata imodzi yokha, adzuke onse?
Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali.
Akadzuka, bambo Khembo, ayambira pa Chanazi.

Tsono ndine pano.
Masiki pakamwa, kunja kukuotcha mpaka phula kufewa,
anyamata a kabaza akundiseka:
Madala, mliri unatha kalekale!
Kutchalitchi ndimakhala panja, pansi pa mnimu,
Ameni wanga amafika mochedwa.
Kumaliro ndimapepesa ndili chapatali
ngati munthu wangongole.

Sindikudandaula kwenikweni.
Thonje ndinalima, mbuzi zaswa,
mdzukulu ndimamunyamula akapanda chimfine.
Kungoti usiku, udzudzu ukamaimba kunja kwa neti,
ndimawerenga amene akugona mwa ine
ndi amene ali maso,
ndipo masamu ake satuluka.

Loweruka Chanazi amabwera ndi thumba la malambe.
Amaima pamtondo, osayandikira,
safunsa kuti mwadzuka bwanji.
Amati: Mwakodza bwino?
Ndimati: Kwambiri.
Amaseka, dzanja lili pachipsera chake,
nati: Muziimwetsa madzi, imeneyo sikonda ludzu,
inakulira kwa ine, ndimaidziwa.

Dzuwa likutsamira kumapiri a Matandwe.
Wotchi ya pafoni yalira.
Ndatsegula kabotolo,
awiri oyera, limodzi lachikasu.
Gonani, asilikali anga, gonani,
koma mmodzi yekha
asiye khutu panja.