Moto wa Mwatitha

Loweruka madzulo, kuseri kwa shopu ya mafoni ku Chankhanga,
tebulo lathu ndi chitseko chakale chogoneka pa makireti awiri.
Mapu ndinajambula kumbuyo kwa kalendala ya feteleza:
apa phiri, apa dambo, apa mzinda wa anthu a michira.
Madayisi asanu, limodzi lobenthuka pakona.

Mlandu unayamba ndi Mwatitha.
Munthu wake wa papepala anabadwa ndi moto m'zikhatho,
sanagwadire mphunzitsi, sanalipire ndi tambala yomwe,
akangotambasula dzanja, zimphona zitatu phulusa.
Gomezgani anaponya pensulo pansi.
"Wangayu wakhala zaka zisanu ndi ziwiri m'nsanja ya mabuku,
amagula mizu, amagula nthenga za kadzidzi,
amaloweza mawu mpaka kukhosi gwa,
ndiye wina angobadwa basi?"
Sungeni, wa nkhwangwa yokhayokha, sanayankhe.
Ankangoswa mtedza, kudikira nthawi yake yomenya
imene sinkafika, poti adani ankatha iye asanadzuke.

Ndinatsegula kope n'kulemba lamulo loyamba:
lawi lililonse lizimwa magazi a mwini wake.
Sabata yotsatira Mwatitha anapinda manja,
munthu wake anadutsa nkhalango yonse ngati mlendo pamaliro,
osayatsa ngakhale kandulo.
Ndinafufuta.

Lachiwiri: ponya dayisi, likagwa pa wani moto ukutembenukire.
Linagwa pa wani katatu.
Unapsa mlatho, anapsa bulu wonyamula katundu,
zinapsa ndevu za mlonda amene tinkamupempha njira.
Tinaseka mpaka mayi eni nyumba anagogoda,
maso ali pa madayisi:
"Ana inu, zamatsenga ndikumvazi n'zotani?"
Tinawaonetsa kuti ndi mapepala chabe ndi masamu.
Anachoka akupukusa mutu, atatapako mtedza.

Gomezgani anatsalira kundithandiza kuimika chitseko.
Osandiyang'ana, anati,
"Fomu folo ndinalemba kawiri, ukudziwa.
Iye uja ankagona m'kalasi. Mapointsi khumi ndi awiri."
Ndisanafike kunyumba foni inalira, Mwatitha:
"Amayesa n'zaulere.
Chiyambire sitandade faifi pakhomo ponse akudikira ine,
ndikalakwitsa kamodzi, nkhani ifika mpaka ku Santhe."

Usiku umenewo ndinakhala ndi kope pa bondo,
agalu a ku msika akulandizana kuuwa,
ndikuyeza mphatso ndi thukuta
pa sikelo yopanda miyala yake.

Ndinalemba chonchi.
Moto uyake katatu pa tsiku, mwaulere, poti ngwake.
Kachinayi ndi ngongole, adzabweza ndi tulo ta mawa.
Koma ndi moto basi:
gulu likafuna madzi, iye ali ndi moto,
likafuna kubisala, iye akuwala.
Wa mabuku azisankha m'mawa uliwonse zimene anyamule,
kiyi wa mphepo, chingwe cha utsi, chilichonse anavutikira.
Ndipo pansi pake, ndi zilembo zikuluzikulu:
wa nkhwangwa ndiye aziyamba.

Loweruka linafika ndi fumbi la Okutobala.
Ndinawerenga mokweza.
Mwatitha anati katatu n'kochepa.
Gomezgani anati katatu n'kochuluka.
Ndinaona kuti mwina tayandikira.

Pakati pa nkhondo ya pa dambo magetsi anazima,
dayisi lobenthuka linagubudukira kunsi kwa makireti,
ndipo wobadwa ndi moto uja
anapempha tochi kwa wa mabuku.
Anagwada onse awiri, mitu kugundana,
kukangana ngati lagwa pa sikisi kapena latsamira khoma.

Mumdimamo Sungeni anakhosomola.
"Komatu wangayu," anatero,
"agogo ake sitikuwadziwa bwinobwino.
Bwanji atapezeka kuti nayenso anabadwa ndi kenakake?"

Ndinafufuza labala m'thumba.
Tsamba lija lapyapyala kale,
ukaliika pa tochi kuwala kumadutsa.