Munthu Wopanda Mchombo

Lachitatu lililonse ndimayala nsalu yoyera
pa tebulo la pakona, kutali ndi zenera.
Mipando inayi, makapu anayi,
koma obwera amakhala atatu.

Nditafunsa ngati ndichotse mpando winawo
loya anaseka, nagwira tayi yake:
"Usiye, Dzoole, ndi wa Kampani.
Pamaso pa lamulo ameneyu ndi munthu,
ali ndi dzina, tsiku lobadwa,
amakongola, amasuma, amanyozeka."

Munthu wopanda mchombo.
Sanayamwepo, sanadwalepo chikuku,
sanagonepo pasiwa.
Kalata yake yobadwira inatuluka tsiku lomwelo
chidindo chisanaume.
Ine mchombo wanga uli ku Mabvuku
pansi pa mtengo wa mapichesi, kuseri kwa bafa,
koma ku Makombe ndaima pamzere
mpaka nsapato zitha,
akuti kabweretse umboni wa kwawo kwa bambo ako,
bambo amene anachoka ku Dedza wapansi
nadzatsokomola fumbi la simenti
zaka makumi atatu, mpaka kuleka.

Aphungu amafika mochedwa,
amapatsa moni loya, kenaka amagwedezera mutu
mpando wopanda munthu uja.
Sindimva zonse.
Ndimatola zogwa pothira tiyi:
"ndime ya khumi ndi chinayi,"
"liwu limodzi lokha, bwana,"
pamene palembedwa kuti ayenera kusefa utsi
palembedwe kuti angathe.
Envelopu yakhaki imakwawira pansi pa mbale ya shuga
yotupa ngati tsaya la wodwala dzino.
Ndikabwera ndi mkaka
tsaya laphwa.

Esinati, mkazi wanga, chitupa ali nacho.
Anadzuka nkhuku zisanatsike, anavota,
chala chinada sabata yathunthu,
ankachionetsa kwa ana ngati mphete.
Kampani ilibe chala.
Sinaimepo padzuwa ndi mwana kumsana.
Koma ikatsokomola, nyumba ya malamulo imati pepani,
pamene Tiyanjane wathu akamatsokomola usiku
amayankha ndi agalu a kwa aneba.

Inamwalirapo kamodzi, ndikukumbuka.
Maliro ake analembedwa m'nyuzipepala, tizilembo tating'ono,
penshoni ya bambo analowa nayo m'manda.
Lolemba inadzuka ndi dzina lina,
ofesi yomweyo, galimoto zomwezo,
mlonda yemweyo pageti
atangomusinthira chipewa.

Akanyamuka atatuwo ndimasonkhanitsa makapu.
Atatu amakhala ndi milomo m'mphepete,
wachinayi wodzaza, wapanga khambi pamwamba.
Kukhitchini, kuseri kwa chitseko,
ndimamwa tiyi wa Kampani,
wozizira, shuga masupuni atatu,
n'kutsuka kapuyo bwinobwino
poti Lachitatu likubwera,
ndipo kombi yomaliza ya ku Mabvuku
siyembekeza munthu.