Pansi pa Kauntala

Katoni inabwera Lachiwiri pamodzi ndi shuga,
yomata tepi kawiri, yopanda dzina.
Kopolo Chimkonda anaikankhira pansi pa kauntala ndi jombo
monga timachitira ndi galu alendo akafika.
"Mayi, musatsegule. Akuluakulu akambirane kaye."
Ndinatsegula.

Ine ndimagulitsa polishi, machesi, malezala,
sopo, mabatire ndi mayunitsi
kwa anyamata a pa kampu ino,
pomwe mphepo ya ku Tsangano imaboola juzi
ndipo Mozambiki ali patsidya pa msewu chabe,
nyimbo za m'mabala ake zikufika mpaka pa geti.

Lachinayi anadzakhala pa mabenchi a kantini yanga,
ine ndili chilili ngati shelefu.
Sajeni Mpinganjira anati, "Tisanamizane.
Mnyamata watha miyezi isanu ndi iwiri osaona kwawo.
Pepala silipatsira matenda.
Pepala silibwera pa geti ndi mwana kumsana.
Timamukhulupirira ndi mfuti yodzaza zipolopolo,
ndiye tizimuopera chithunzi?"
Abusa a asilikali anavula magalasi:
"Moto sazimitsa ndi palafini.
Diso likazolowera kugula, mawa dzanja ligulanso.
Ndipo sitolo iyi ili pansi pa mbendera."
Wina anafunsa za lamulo, wina za phindu.
Tiyi anazizira m'makapu.
Wogulitsayo sanamufunse.

Akanandifunsa ndikanawauza za thiranki ya Yotamu.
Inabwera yokha pa lole, mwini wake atatsogola m'bokosi.
Ndinatulutsa yunifolomu, bulangete, buku la nyimbo,
makalata anga asanu omanga ndi chingwe cha jombo,
ndipo pansi penipeni tsamba long'ambidwa,
lopinda kanayi, lofewa ngati ndalama yakale.
Mkazi wa tsitsi longa ndevu za chimanga.
Ndinakwiyira munthu wakufa mwezi wathunthu.
Kenako usiku wina ndinamuthokoza mkaziyo,
sindidziwa chifukwa,
mwina poti magazi anga anapezeka bwino ku chipatala cha Ntcheu,
mwina poti m'hema muja munali maso ena
omuyang'ana mwamuna wanga.
Kutacha ndinakolezera mbaula tsambalo.

Koma dzulo nditatseka ndinavundukula imodzi.
Pakati pake, mkazi wakuda ngati ife,
chipsera cha katemera pamkono,
mpata wa mano ngati wa mkulu wanga Esinala
amene amagulitsa kabichi pa Lizulu.
Pakamwa pokha ndi pomwe pakuseka.
Ndinati: ameneyu mayi ake anamusambitsapo m'beseni.
Ndinati: mu Juni muno, opanda n'chitenje chomwe.
Anamulipira zingati,
nanga ine ndilembepo zingati?

Lero m'mawa kunabwera Lufeyo,
ndevu zake zowerengeka, jombo zowala ngati galasi.
Anagula machesi.
Anaima pang'ono, n'kugulanso machesi ena,
maso ali ku mawondo anga, kumene kuli katoni.
"Pali china?"
"Ayi, mayi. Mayunitsi basi."
Foni yake inkaonekera m'thumba la malaya,
ndipo ndinadziwa kuti zonse akulimbirana akuluakulu
zinalowa kale pa geti osachita saluti,
zikuyendera mayunitsi ogulitsa ine ndemwe.
Ndinamupatsa chenje.
Anandithokoza ndi manja awiri,
mwana wophunzitsidwa bwino.

Chigamulo chibwera Lolemba, akutero.
Akati gulitsa, sindikudziwa ngati dzanja langa lidzavomera.
Akati tentha, sindikudziwa amene ndidzakhala ndapulumutsa.
Katoni ikadali pomwepo.
Ndikakhala pa mpando ndimaigunda ndi bondo.
Ndayalapo kansalu kanga ka maluwa,
kuti mkazi wa mpata uja asamve chisanu,
ndipo pamwamba pake ndimaikapo kapu ya tiyi.