Msoko wa Pakati

Anafika Lachinayi pa minibasi ya ku Liwonde,
amayi anayi, mabokosi asanu,
ndi chinsalu choonetserapo kanema chitang'ambika pakati.
Akuti msomali wa pampando, pokwera chitunda cha Machinga.
Wina anawalozera khonde langa ku Mpondabwino:
pitani kwa a Nasiyaya, makina awo sagona.

Nditachiyala chinadzaza khonde lonse
mpaka kukhudza matimati a Abiti Daudi.
Ulusi woyera unali utandithera.
Ndinasoka ndi wotuwa,
msoko n'kutuluka ngati mzere wa linthumbu pa chipupa.
Ndinati ndiphwasule.
Mtsogoleri wawo, wometa mpala, wa ndolo zazikulu,
anausisita ndi chala.
Usiyeni choncho, mayi, enafe tili nawo wotere.
Anagwira kumanzere,
pomwe bulauzi yake inalibe chotukula.

Ndinakana ndalama. Anandipatsa tikiti.

Loweruka chifunga chinatsika m'phiri msanga.
Mu holo munali atsikana a ku Chanko ndi mafoni awo,
manesi asanavule nsapato za kuntchito,
akazi a asilikali atakhala benchi imodzi,
ndi amuna ochepa kumbuyo, pafupi ndi chitseko,
ngati abwera kudzathawa mvula.
Mayi wogulitsa zipatso ku Chawe
anaponya m'beseni makwacha onyowa
n'kuikanso kadengu pambali, akuti mugulitse.

Makanema onse anajambula ndi amayi.
Woyamba, wa mtsikana woyendetsa kabaza, tinaseka mpaka misozi.
Wachiwiri uli mkati magetsi anazima,
holo yonse n'kutsonya pamodzi.
Jenereta inatsokomola katatu isanavomere.
Ine maso anali pa msoko wanga basi:
unadutsa pamphuno pa aliyense,
unadula mtsinje, unadula mlengalenga,
koma palibe anadandaula.

Wachitatu unalibe nyimbo.
Mayi wina, wamkulu ngati nyumba pa chinsalupo,
anakweza mkono, nati:
zala zitatu, zungulirani pang'onopang'ono
ngati mukusankha miyala m'nyemba.
Mu mdima ndinamva zitenje zikukhwekhwereza.
Ine sindinakweze mkono.
Mwala wanga ndikuudziwa pomwe uli.

Kuyambira Malichi.
Unali ngati nzama, pano wakulako.
Ndakhala ndikuutchula chithupsa chochedwa kupsa,
ndikupondaponda makina kuti phokoso liuphimbe.
Mkulu wanga Esimi naye ankati chithupsa.
Anamanga chitenje m'khosi miyezi isanu ndi itatu,
tinagulitsa mbuzi kupereka kwa asing'anga a ku Jali,
pofika ku Blantyre adokotala anangotiyang'ana
n'kufunsa kuti munali kuti.
Diresi lake lomaliza ndinasoka ndine.
Ndinalikulitsa pachifuwa kuti lisamukhudze.

Magetsi a mu holo atayaka anakhuthula beseni pa tebulo,
kuwongola ndalama imodziimodzi ndi chikhatho.
Wometa mpala uja anawerenga mokweza,
nati izi ndi thiransipoti ya amayi khumi ndi awiri,
kupita ndi kubwera,
ndi kabanzi ka panjira.
Anthu anaomba m'manja.
Ine ndinawerenga pa zala, khumi ndi awiri,
ndinapeza kuti chala china ndapinda mwamphamvu.

Lamulungu anapinda chinsalu, msoko mkati,
akuti ku Phalombe akudikira.

Lero Lolemba.
Ndavindikira makina ndi chitenje chakale.
Mayunifolomu a ana a sukulu adikire,
mwini suti ya ukwati akalipe ngati akufuna.
Abiti Daudi afunsa kuti kwagwanji.
Ndati mundionereko khonde, ndikupita apa pachipatala.
Sanafunsenso. Anditambasulira nthochi ziwiri.

Mzere ndi wautali, wafika pa mtengo wa mango.
Patsogolo panga pali mayi wa zipatso uja,
buku la kuchipatala alikulunga m'jumbo.
Tayang'anizana.
Wasendera pang'ono pa benchi
ndipo ndakhala.